Tinakana Kuti Atizulire Njanji

Adzukulu anga, mu 2021 bungwe lija ndimasonkhako kangachepe chaka ndi chaka, la Friends of the Settle-Carlisle Line, linakwanitsa zaka 40. Inu mumalidziwira kamagazini kake kamene kamangounjikana patebulo panga, ndi chiboliboli cha galu cha pa siteshoni ya Garsdale chimene mumakonda kujambulitsa mutachikumbatira. Za galuyo ndikuuzani, musade nkhawa. Koma galu yekha sakanaletsa boma kutseka njanji, ndipo mtima umandiwawa ndikaona kuti nthawi ya zikondwerero zotere anthu amatamanda galu n'kuiwala makalata, masamu ndi matikiti. Tsono senderani kuno ndikuuzeni bwinobwino, poti ife amene tinaziona ndi maso tatsala owerengeka.

Njanji imeneyi inabadwa ndi mkangano. Kampani ya Midland Railway inkafuna kuti sitima zake zizifika ku Scotland, koma kuchokera pa Ingleton kupita kumpoto inkadalira njanji ya kampani inzake, London and North Western, imene sinkaifunira zabwino. Zinkafika poti okwera atsike pa siteshoni ya kampani iyi, anyamule katundu wawo, ayende wapansi kukakwerera pa siteshoni ya kampani inayo. A Midland atatopa nazo anapita ku Nyumba ya Malamulo, ndipo mu 1866 analoledwa kumanga njanji yawoyawo kuchokera ku Settle mpaka ku Carlisle, mtunda wa makilomita pafupifupi 116, kudula pakati pa mapiri a Pennines. Pambuyo pake makampani awiriwo anamvana, a Midland n'kufuna kubweza mawu. Nyumba ya Malamulo inakana mu 1869. Anapempha okha, ndiye anayenera kumanga.

Anamangadi, koma ndi thukuta ndi miyoyo ya anthu osauka. Amuna pafupifupi 6,000 anagwira ntchitoyo ndi mapiki, mafosholo ndi mawilibala, m'dziko la mphepo yoboola mafupa. Pa Ribblehead anaimika mlatho wamiyala wa zipata 24, wotalika mamita 400, msinkhu wake mamita 32 kuchokera pansi. Kungodutsa pamenepo anaboola phiri la Blea Moor, mtunda woposa makilomita awiri mumdima. Antchitowo ankagona ndi mabanja awo m'misasa yamatabwa m'dera lozungulira mlathowo, imene anaipatsa mayina onga Jericho, Sebastopol ndi Belgravia. Ena anagwa kuchokera pamwamba, ena anaphwanyidwa ndi miyala, koma nthomba ndiyo inasesa kwambiri, osasiya ndi ana omwe. Pa katchalitchi ka Chapel-le-Dale anaikapo anthu oposa 200, mpaka manda anachepa n'kuchita kuwakuza. Sitima zakatundu zinayamba kuyenda mu 1875, za anthu pa 1 Meyi 1876. Ndikamawoloka mlatho umenewo sindilephera kuyang'ana pansi, pa udzu pamene panali misasa ija.

Zaka zinapita, magalimoto n'kuchuluka. Mu 1963 kunatuluka lipoti la Dr Richard Beeching, lonena kuti masiteshoni oposa 2,300 ndi njanji ya makilomita pafupifupi 8,000 m'dziko lino zitsekedwe. Midzi yambiri inagona ili ndi sitima n'kudzuka ilibe. Njanji yathuyi inapulumuka chikwanje chimenecho, koma mu Meyi 1970 masiteshoni ake onse ang'onoang'ono anatsekedwa, kungotsala Settle ndi Appleby. Munthu wa ku Dent kapena ku Kirkby Stephen ankaiona sitima ikudutsa m'dera lake, osaima.

Ine ndinafika ku Leeds chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndili namwino wachitsikana wochokera ku Malawi. Galimoto ndinalibe, ndipo sindinkalota n'komwe zokhala nayo. Ndinali ndi mnzanga wakwathu amene ankagwira ntchito ku Carlisle, ndipo m'dera lonse lija anali yekhayo amene ndinkatha kukhala naye pansi n'kumasuka pa Chichewa mpaka usiku. Ndikapeza masiku opuma ndinkakwera sitima ya m'mawa, fulasiki ya tiyi m'chikwama, ufa pang'ono ngati wina wabwera nawo kuchokera kumudzi. Mabogi ake anali akale, mipando yofumbwa, mawindo a nthunzi oti uchite kupukuta ndi mkono wa juzi kuti uone kunja. Koma ukapukuta, maso ankadya. Nkhosa zili mbuu m'mapiri, mipanda yamiyala yosanja popanda simenti ikukwera mpaka kumitambo, sitima ikupuma movutikira pokwera chitunda cha Ais Gill, mamita 356 pamwamba pa nyanja. Kwa alendo oona malo kumeneko kunali kukongola. Kwa ine inali njira yopitira kwa m'bale.

Tsono mvetserani apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. A British Rail, amene ankayendetsa sitima zonse za boma nthawi imeneyo, sanayambe ndi kulengeza kuti akutseka. Anachita ngati munthu amene watopa ndi nyumba: saigwetsa masana anthu akuona, amangoleka kufolera denga, ndiye mvula ikamaliza ntchito yake amaitana anthu kuti adzaone mmene nyumbayo yawolera. Kukonza njanji anachepetsa. Sitima zakatundu anayamba kuzipatutsira njira zina. Mu 1982 anachotsanso sitima zikuluzikulu zochokera ku Nottingham kupita ku Glasgow n'kuzidutsitsa kwina. Tinatsala ndi sitima ziwiri zokha patsiku kupita, ziwiri kubwera, pa nthawi zosathandiza munthu wapantchito kapena mwana wasukulu. Akatero ankawerenga okwera, n'kupeza kuti ndi ochepa. Nanga akanachuluka bwanji?

Chida chawo chachikulu chinali mlatho wa Ribblehead. Chotchinga madzi cha pansi pa njanji chinali chitatha, ndiye mvula inkalowa m'kati mwa zipilala, n'kuuma gwaa nthawi yozizira, n'kumang'amba miyala pang'onopang'ono. Ndinakaimapo pansi pake tsiku lina. Madzi ankadontha kuchokera m'zipata ngakhale kunja kusakugwa mvula, laimu atayenderera m'miyala n'kusiya mizere yoyera, zipilala zina atazimanga m'chiuno ndi zitsulo. Kudwala unkadwaladi, zimenezo sitinkakana. A British Rail ankati pakufunika mapaundi 6 miliyoni, ndipo ndalama zotere sizingatayidwe pa njanji yopanda okwera. Mu 1985 anazula njanji imodzi pa mlathopo n'kusiya imodzi pakati, sitima n'kumawoloka chokwawa.

Anthu ena anali atanunkhiza kale kumene zinthu zikulowera. Mu 1981, chikalata chotsekera chisanatuluke n'komwe, anakumana ku Settle n'kuyambitsa bungwe lathu lija. Mmodzi mwa oyambitsawo, amenenso anali mlembi wake woyamba, anali Graham Nuttall wa ku Burnley. Nzeru yawo inali imeneyo, yodzuka mbandakucha. Kumadera ambiri kumene Beeching anatseka, anthu ankayamba kulira chikalata chitamatidwa kale pakhoma, ndipo madzi akatayika saoleka: njanji akaizula, malo ake amagulitsa, milatho amagwetsa, basi zatha. Awa anayamba kusonkhanitsa mayina, ndalama ndi umboni nthawi ikadalipo. Kenako anagwirana manja ndi mabungwe ena awiri, Railway Development Society ndi Transport 2000, limene lero limatchedwa Campaign for Better Transport, n'kupanga komiti imodzi yomenyera njanjiyi. Makhonsolo a m'deralo nawo analowa m'bwalo.

Chikalata chija chinatuluka kumapeto kwa 1983. Lamulo la zamtengatenga la 1962 linkati njanji isanatsekedwe, aliyense woigwiritsa ntchito ali ndi ufulu wolemba kalata yokana, kufotokoza mavuto amene angakumane nawo, ndipo makomiti oimira okwera ayenera kumva madandaulowo n'kukapereka lipoti kwa nduna. A bungwe lathu analiwerenga lamuloli mzere ndi mzere. Zinapezeka kuti chikalatacho sichinalembedwe motsata lamulo, moti a British Rail anachita kuchitulutsanso, ndipo kuchedwa kulikonse kunkatipatsa miyezi ina yosonkhanitsira makalata. Anthu odzipereka ankayenda m'mabogi sitima ikuyenda, mapepala m'manja, kufotokozera wokwera aliyense zoyenera kulemba ndi kumene angatumize.

Umu ndi mmene anandipezera ine. Mayi wina wachikulire wovala jekete lamvula anakhala pafupi nane titangodutsa Settle, nandifunsa kumene ndinkapita. Nditamuuza, anandipatsa pepala. Ndinazengereza. Ndinali mlendo m'dziko la eni, ndipo kwathu masiku amenewo munthu sunkalembera boma kalata yolitsutsa, ngakhale pa nkhani ya sitima. Mayiyo anandiuza kuti lamulo silifunsa kumene munthu anabadwira, limangofunsa ngati amakwera. Usiku umenewo ndinakhala patebulo la kukhitchini kwa mnzanga uja, iye akuphika nsima, ine ndikulemba ndi bolopeni yakuntchito. Ndinalemba kuti ndine namwino, ndilibe galimoto, ndipo njira ina yozungulira ikanandidyera nthawi ndi ndalama zimene ndinalibe. Ndinasaina dzina langa lonse ndi adiresi. Dzanja linkanjenjemera poponya kalatayo m'bokosi lofiira la positi, koma inapita.

Makalata otero anaposa 22,000. Imodzi mwa iwo inali ndi chidindo cha phazi la galu. Graham Nuttall anali ndi galu wake woweta nkhosa dzina lake Ruswarp, amene ankayenda naye paliponse. Popeza galuyo ankamudulira tikiti akakwera sitima, anaonedwa kuti naye ndi wokwera wolipira, ndipo kukana kwake kunalandiridwa. Manyuzipepala anaikonda nkhaniyo, ndipo inathandiza kuti dziko lonse limve za njanji ya kumapiri imene ambiri anali asanaimvepo.

Mu 1986 makomiti aja anakhala pansi ku Appleby, ku Settle, ku Carlisle ndi m'matauni ena, kumva anthu pamaso. Kunabwera alimi, eni nyumba zogona alendo, okalamba opita kuchipatala, makolo a ana asukulu, magulu a anthu oyenda m'mapiri. Aliyense ankaimirira n'kunena zake: mmene misewu ya kumeneko imatsekekera chipale chofewa chikagwa, mmene basi imasowera, mmene mudzi umafera achinyamata akasowa poyendera. Kumapeto kwa chaka chimenecho makomitiwo anauza boma mosapsatira kuti njanjiyo isatsekedwe.

Koma pali munthu wina amene sindifuna kuti mumuiwale, ndipo anali wa mbali inayo. A British Rail anasankha mkulu wawo wina, Ron Cotton, kuti ayang'anire ntchito yotseka njanjiyi. Iyeyu anali katswiri wokopa anthu kukwera sitima, ndipo pamene ankadikira kuti boma ligamule, anaganiza kuti njanji ikadali yamoyo iyenera kugwira ntchito. Anawonjezera sitima. Anatsitsa mitengo ya matikiti ena n'kuilengeza. Kuyambira 1975 kunali kale sitima za DalesRail, zimene zinkaima pa masiteshoni otsekedwa aja Loweruka ndi Lamlungu zina m'nyengo yotentha kutsitsa anthu oyenda m'mapiri, ndipo zinali zitaonetsa kuti okwera alipo. Ndiye mu Julaye 1986, mothandizidwa ndi ndalama za makhonsolo, masiteshoni asanu ndi atatu anatsegulidwanso kuti sitima ziziima tsiku ndi tsiku: Horton-in-Ribblesdale, Ribblehead, Dent, Garsdale, Kirkby Stephen, Langwathby, Lazonby ndi Armathwaite. Ndimawatchula onse dala, chifukwa lililonse mwa mayinawa ndi mudzi umene unakhala zaka 16 wopanda sitima ya tsiku ndi tsiku.

Zotsatira zake zinaoneka msanga. Mu 1983 maulendo a okwera anali pafupifupi 93,000 pachaka. Pofika 1989 anali pafupifupi 450,000. Sitima ija ndinkakhala ndekha pampando wa anthu anayi inayamba kudzaza tho, ena n'kuimirira m'tinjira, zikwama zam'mbuyo zili mbwee, nsapato zamatope, ana akulira. Sindinakondwepo ndi kupanikizana ngati masiku amenewo. Bodza lija lakuti kulibe okwera linafera pomwepo, ndipo linaphedwa ndi matikiti.

Ngakhale zinali choncho, mu Meyi 1988 nduna David Mitchell inauza Nyumba ya Malamulo kuti boma likutsamira kovomera kutseka, pokhapokha patapezeka wabizinesi wogula njanjiyo. Tsiku limenelo ambiri tinagwa mphwayi. Zaka zonse zija, makalata onse aja! Koma akuluakulu a bungwe sanabalalike. Anapitiriza kufunsa funso limene anakhala akufunsa kuyambira pachiyambi: ndalama za mlatho zija anaziwerengera ndani, ndipo anaziwerengera bwanji? M'chaka chomwecho mainjiniya anayesa kukonza kachigawo kamodzi ka mlathowo kuti aone mtengo weniweni. Anapeza kuti matenda ake sanali ofika pamene ankanenera. Apa ndi pamene ndimati masamu anagwira ntchito imene misozi sikanaigwira. Boma la Mayi Margaret Thatcher silinali boma lomvera chisoni sitima. Linkamva chinenero cha ndalama, ndipo anthu athu anaphunzira kuliyankhula m'chinenero chomwecho: okwera achuluka pafupifupi kasanu, ndalama zolowa zakwera, mtengo wokonzera watsika.

Pa 11 Epulo 1989 nduna yaikulu ya zamtengatenga, Paul Channon, inalengeza kuti boma lakana pempho la British Rail. Wachiwiri wake pa nkhani za sitima anali Michael Portillo, yemwe uja mumamuona pa TV atavala majekete owala akuyenda pa sitima m'mayiko osiyanasiyana. Ine ndinamva pa wailesi ndikuchokera ku ntchito. Ndinaimbira foni mnzanga wa ku Carlisle, ndipo tonse awiri tinkangoseka ndi kulira, osatha kumaliza chiganizo. Kuona maso a nkhono n'kudekha: kuchokera pa msonkhano wa ku Settle uja zinali zitatha zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu. Mlatho anaukonza pakati pa 1990 ndi 1992, ndipo ndalama zake zinali pafupifupi mapaundi 3 miliyoni, theka la zimene ankatiopseza nazo.

Graham Nuttall sanadyerere nthawi yaitali. Pa 20 Januwale 1990 anapita ndi galu wake kukayenda m'mapiri a ku Wales, ndipo sanabwerere. Anamufunafuna osamupeza. Thupi lake linapezeka pa 7 Epulo m'mbali mwa kamtsinje, Ruswarp ali pomwepo, atalondera mbuye wake masabata 11 m'nyengo yozizira. Galuyo anali ndi zaka 14, ndipo anali atafookeratu moti anachita kumunyamula potsika phiri. Anakhala ndi moyo mpaka kufika pa maliro a mbuye wake, n'kufa pasanapite nthawi. Chiboliboli chija munachikumbatira anachiimika pa Garsdale mu 2009, pokumbukira zaka 20 chipulumukire njanji. Mukadzapitanso mukachisisite ndithu. Koma mukadzatero mudzakumbukirenso kuti mwini galuyo anali mlembi, munthu wa maenvulopu ndi masitampa.

Chimene chimandichititsa kulilemekeza bungweli n'chakuti silinathe nkhondo itatha. Magulu ambiri otere akapambana amachita phwando n'kumwazikana. Awa anavula majekete n'kuyamba ntchito ina yosatchuka. Masiteshoni anali mabwinja, madenga akudontha, mawindo oswekasweka. Pamodzi ndi mabungwe anzawo amene anabadwa pambuyo pake, Settle and Carlisle Railway Trust ndi Settle-Carlisle Railway Development Company, anakonza nyumba za masiteshoni, n'kuika pobisalira mvula ndi mphepo. Mpaka lero anthu odzipereka amadzala maluwa pa masiteshoni, amagulitsa m'timasitolo ta pa Settle ndi Appleby, amatsogolera alendo poyenda m'mapiri, ena amakwera sitima n'kumafotokozera magulu a alendo zimene akuona pawindo. Salandira kanthu. Amakhalanso pansi ndi kampani yoyendetsa sitima kukambirana za nthawi zonyamukira ndi kuchuluka kwa mabogi, nkhani zotopetsa zimene palibe nyuzipepala ingazilembe, koma ndi zimene zimachititsa kuti mwana wa ku Appleby akafike ku koleji ku Carlisle nthawi yabwino.

Njanji ija ankati ilibe ntchito inadzanyamulanso malasha opita kumalo opangira magetsi, miyala ya m'makwale a ku Ribblesdale, mitengo, ndi katundu wa fakitale ya ku Kirkby Thore. Njanji yaikulu ya kumadzulo ikatsekedwa pokonza, sitima zina ankazidutsitsa konkuno. Ndipo mu Febuluwale 2016, mvula yoopsa itagwa miyezi ingapo, phiri linagumuka pa Eden Brows kufupi ndi Armathwaite, dothi lokwana matani pafupifupi 500,000 n'kuyamba kutsetserekera mumtsinje wa Eden pamodzi ndi njanji. Ife akale mitima inali m'mwamba, tikuti chifukwa chija ankachifuna chapezeka. Koma a Network Rail, osamalira njanjiyo, anakhoma zipilala zachitsulo mpaka pathanthwe, anawononga mapaundi 23 miliyoni, ndipo pa 31 Malichi 2017 sitima zinayambanso kudutsa, sitima yotchuka ya Flying Scotsman nayo n'kudutsa tsiku lomwelo.

Chikondwerero chathu cha 2021 chija chinagwa m'nyengo ya mliri wa Covid-19, umene unakhuthula sitima m'dziko lonse, ndipo ndikudziwa kuti kwinakwake kuli munthu amene akuwerenganso okwera. Mamembala a bungwe tilipo masauzande, koma mukaona mitu yathu pamsonkhano ndi imvi zokhazokha. Ntchito nayo sinathe. Siteshoni ya Dent, imene ili pamwamba kuposa ina iliyonse pa njanji zikuluzikulu za ku England, ili makilomita angapo kuchokera m'mudzi wa Dent, ndipo msewu wake ndi chitunda choti nkhalamba ngati ine singachiyerekeze. Pa Garsdale pali kabasi ka anthu a m'deralo, Little White Bus, kamene kamatenga otsika sitima kupita nawo ku Hawes, koma si siteshoni iliyonse ili ndi mwayi wotero, ndipo mabasi akumidzi ndiwo amayamba kudulidwa khonsolo ikasowa ndalama. Munthu akatsika sitima n'kupeza kuti palibe chomufikitsa kwawo, ulendo wotsatira sakweranso. Nkhani imeneyo ikufuna anthu a miyendo yolimba ndi maso akuthwa powerenga ndondomeko za nthawi, ndipo iwe wamkuluwe, amene umakonda masamu, ndikufuna upite nane ku msonkhano wotsatira ukamve mmene amakambirana.